Chikwama cha Azakhali M'bokosi la Galasi

Tinanyamuka ku Matandani kusanache bwino, ine ndi azakhali anga a Nachisale, m'nyengo ya manachesi, patatha chaka chisankho cha zipani zambiri chitachitika. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, mmodzi wa aja tinalembedwa mothamanga sukulu itakhala yaulere. Chotiyendetsa chinali tsamba la nyuzipepala limene wa pagolosale anandikulungiramo sopo. Panali chithunzi cha chikwama cha amayi, ndi uthenga woti pahotela ina ku Blantyre akuonetsa zikwama zakale zamtengo wapatali, zimene katswiri wa zovala wa ku Ulaya anapanga mogwirizana ndi mmisiri wojambula. Azakhali atayang'anitsitsa chithunzicho anangoti chikwamacho analuka ndi iwo.

Sananame. Zaka khumi m'mbuyomo mzungu wina wamkazi anakhala kwathu masabata awiri akuwaonerera akuluka mlaza ndi kuunyika m'makungwa. Anawalukitsa zikwama zisanu ndi chimodzi za maluko awoawo, a mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri akwathu, n'kuwasiyira nsalu ziwiri ndi lonjezo loti dzina lawo lidzamveka kutali. Tsopano maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo ankafuna kuchionanso chikwamacho asanasiyiretu kuona.

Ku Neno boma tinafika cha m'ma eyiti, titakhala pamwamba pa madengu a manachesi m'lole. Pamenepo tinakwera matola, kagalimoto kopanda denga, makwacha makumi awiri munthu mmodzi mpaka ku Zalewa. Tinalimo anthu oposa makumi awiri, kuphatikizapo mbuzi imene inakonda kwambiri mpango wa azakhali. Msewu wotsikira ku Lisungwi unali mabampu ndi fumbi lokhalokha. Abambo awiri ovala malaya a zipani zosiyana anakangana njira yonse, aliyense akuti chipani chake ndicho chidzathire phula mumsewuwo. Dalaivala anawauza kuti pakadali pano atsike onse awiri akankhe, chifukwa galimoto yazima pachitunda. Anakankhadi, mapewa atagundana.

Pa Zalewa tinafika dzuwa lili pamutu, nsidze zili mbuu. Tinadya chimanga chootcha ndi dzira limodzilimodzi, n'kusamba kumaso ndi madzi amene mayi wina wogulitsa tomato anatipatsa. Mayiyo atamva za ulendo wathu anatichenjeza kuti malo ngati amenewo amayamba ayang'ana nsapato asanayang'ane nkhope. Ndinaseka, ndikuganiza kuti zimenezo zinatha ndi boma lakale. Minibasi ya ku Blantyre inatilipiritsa makwacha khumi ndi asanu, ndipo cha m'ma thuu koloko tinali pachipata cha hotela.

Mlonda anayang'anadi nsapato zathu. Anati ogulitsa malonda amalowera kuseri. Ndinamuonetsa tsamba lija, likununkhirabe sopo, n'kumufunsa kuti palembedwa pati kuti ovala nsapato zofewa za pulasitiki asalowe. Anatilola monyinyirika.

M'chipinda cha chionetserocho munali mozizira, anthu akuyenda monyang'ama ngati pamaliro. Zikwama zinali m'mabokosi a galasi, chilichonse ndi nyale yake. Cha azakhali chinali pakati penipeni. Anachiveka chikopa m'mphepete, zogwirira zonyezimira, ndi madontho ofiira a penti pambali, koma thupi lonse linali mlaza wa ku Matandani. Ndinawawerengera kapepala kamene kanali pansi pake. Panali dzina la katswiri uja, dzina la wojambula madontho, chaka, ndi mawu oti padziko lonse zilipo zisanu ndi chimodzi zokha. Kumapeto kwenikweni, m'timalemba tating'ono, analemba kuti mlaza wake ndi wolukidwa pamanja, mu Afirika.

"Dzina langa lili pati?" anafunsa azakhali.

Ndinawauza kuti palibe. Anandipempha ndiwerengenso, mwina ndalumpha mzere.

Ndinapsa mtima. Wodontheza penti wa mphindi zisanu akhale ndi dzina, woluka mwezi wathunthu akhale Afirika yense? Ndinaitanitsa woyang'anira chionetserocho. Anabwera bambo wa tayi, Mmalawi mnzathu, wolankhula mwaulemu wozizira. Anati zikwamazo ndi za munthu wina wolemera amene amasonkhanitsa zinthu zotere, kuti chimodzi chokha mtengo wake ungagule galimoto, ndipo mawu a pakapepala amachokera kunja, iye sangasinthe ngakhale kachilembo. Anafunsa ngati tili ndi chikalata chotsimikizira. Azakhali anatambasula manja awo, zala zokhota ndi zipsera za mlaza, n'kunena kuti chikalata chawo ndi chimenecho. Kenako anapempha kungochikhudza pang'ono, popeza maso sakuwathandiza. Bamboyo anati n'zosatheka, thukuta la m'manja limawononga katundu.

Ndinkafuna kukuwa, koma azakhali anandigwira mkono. Anakonza nsalu yawo, n'kuima pambali pa bokosilo. Aliyense wofika kudzaona ankamupatsa moni, n'kumuuza kuti iwo ndi a Nachisale a ku Matandani, ndipo chikwamachi analuka ndi iwo. Ankafotokoza mtengo umene makungwa ake amatulutsa mtundu woderawo, ndi mmene amapindira mlaza pakona kuti usathetheke. Ine ndinkamasulira kwa osamva Chichewa. Ena ankatilambalala ngati taledzera. Ena anaima. Mtsikana wina wogwira ntchito pamalopo anabwera nawo mpando osafunsa bwana wake. Patatha pafupifupi ola, anthu atachuluka pa azakhali kuposa pa mabokosi onse, bambo wa tayi uja anatumiza mlonda kudzatiperekeza panja.

Tinagona kwa wachibale ku Ndirande, m'mawa mwake n'kuyamba ulendo wobwerera. Ine mkwiyo unali usanathe. Ndinkaganiza kuti ufulu wolankhula umene tinauvinira chaka chathacho unali weniweni ndithu, pakuti palibe anatimanga, koma wokumvera uyenera kudzipezera wekha, ndipo wolemba kapepala amakhalabe yemwe uja.

Titawoloka Shire ndinatembenukira kwa azakhali. Ndinawafunsa ngati akudandaula kuti tinavutikira ulendo wachabe. Anapukusa mutu, n'kuyamba kuseka chamumtima.

"Mwanawe, anthu onse aja, ndi nyale zawo, ndi magalasi awo, palibe ndi mmodzi yemwe wadziwa," anatero. "Chikwama chija achiika chotembenuza. Kumene akuonetsa anthu kuja n'kumbuyo."