Denga la ku Fakitale ndi Mwendo wa Amuna Anga

Amuna anga akhala akulemba mabuku a ndalama pa fakitale ya zidebe kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anzawo amawatchula a Patulani, ndipo sanalakwitse. M'mutu mwa munthu ameneyu muli nkhani imodzi basi: kusiyanitsa ndalama zosunga ndi ndalama zolipirira.

Nkhaniyi ndinaimva tisanakwatirane, ine ndikuyesa abwera ndi mawu achikondi. Ati zosunga ndi phindu limene kampani yangoika pambali popanda woliitanitsa. Ndi za eni ake, zimawerengedwa mu mpamba, ndipo mpamba ukakula msonkho umakula nawo. Ati zolipirira ndi zimene kampani ikudziwa kuti idzalipira ndithu, kungoti kuchuluka kwake sikunadziwike. Zimenezo sizilowa mu mpamba. Ine ndinkangogwedeza mutu, poti nkhope yokha inali yabwino.

Kunyumba ndiye ndinaziona. Pamwamba pa wodirobu pali zitini ziwiri za mkaka. Tsiku limene tinapeza galu, iwo anaponya ndalama m'chitini cha zolipirira, ati nkhuku za aneba zapita kale, chosadziwika n'chakuti zingati. Koma ine ndikapempha nsapato, ankandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti zakalezo sizinaonetse umboni wokwanira. Ndinkapsa mtima kwambiri.

Chaka chathachi ku fakitale kunabwera mayi wa ku ofesi ya msonkho, wamfupi, wa magalasi, wosaseka. Anatsegula buku n'kuloza ndalama zokonzera denga la mosungira katundu, zimene amuna anga akhala akuzilemba ku zolipirira kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anafunsa ngati alipo kalipentala amene anapangana naye. Panalibe. Anafunsa ngati dengalo likudontha. Ngakhale dontho. Basi anagamula kuti zimenezo n'zosunga, zilowe mu mpamba.

Abwana anawakokera pambali amuna angawo n'kuwauza kuti msonkho ukakwera, atenge chipewa chawo azipita. Kutatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, mwamva? Ana awiri akadali pasukulu.

Ndiye amuna angawo, bambo wa imvi, ndi mimba yakeyo, tayi ali m'khosi, anabwereka makwerero kuti akaonetse mayiyo mtanda wofumbwa. Analowa m'siling'i, mayiyo akudikira pansi ndi cholembera. Mitanda yonse inali gwa. Anaigogoda umodziumodzi, thukuta lili kamukamu, mpaka phazi linaphonya mtanda n'kuponda pa bolodi, bolodiyo n'kubooka, iwo n'kugwera pansi. Alonda amati phokoso la zidebe linamveka mpaka kumsewu waukulu.

Foni inandipeza ndikuchapa. Ndinathamanga thovu lili m'manja, n'kuwapeza ali chagada pakati pa zidebe, mwendo utaloza kwina, akukana kunyamulidwa mpaka mayi wa msonkhoyo asendere pafupi.

"Mayi, lembani," anatero akubuula. "Mwendo uwu kampani ilipira ndithu. Koma zingati, sitikudziwa."

Mayiyo anawerama n'kuuyang'anitsitsa mwendowo, kenako anakweza maso ku chibowo. "Mwendo ndavomera, bambo. Chibowocho ndavomeranso. Denga lonselo ayi."

Msonkho unakwera ndithu. Masiku khumi ndinakhala pa mpando wa m'wodi kuchipatala, ndikudikira kalata yowachotsa. M'malo mwa kalata kunabwera abwana eni ake, atapanira mabuku m'khwapa, nkhope ili ndwii. Anali atawerengera n'kupeza kuti kuchotsa munthu wovulalira pa ntchito n'kodula kuposa kumusunga. Komanso pa fakitale ponse panalibe wodziwa mbali ya buku yolembako mwendowo.

Tsiku lotuluka m'chipatala, atangokhala pa bedi ndodo ili pambali, anandiuza kuti nditsitse chitini ndikagule nsapato. Ati atagona pa zidebe paja anaona chala changa chachikulu cha kuphazi chili kunja kwa nsapato, chikutuluka magazi ndi kuthamanga kuja. Ndinafunsa kuti nditsitse chiti.

"Zonse ziwiri, amayi," anatero.

Ndinalira ngati mwana. Kenako ndinapukuta misozi n'kuthamangira kusitolo asanasinthe maganizo.