Nsapato Ziwiri za Kumanzere

Mlendo aliyense wofika mumzinda muno amauzidwa asanatsike n'komwe basi kuti asabwerere kwawo osaponda msewu wa masitolo. Ndiye amabweradi, ena ndi zikwama zopanda kanthu, ena ndi makamera, ena ndi maso okha. Msewuwo umayambira kumtunda komwe kuli ife a nsapato, n'kumatsika kudzera kwa a nsalu, a mafoni, a mapoto, a mafuta onunkhira, mpaka kumunsi kwa a masutikesi, pafupi ndi pokwerera mabasi. Amene anaukonza chonchi mutu wake unkagwira. Munthu amagula akutsika, ndipo akafika kumunsi manja atatopa amapeza sutikesi ikumudikirira.

Pakhomo pa sitolo yathu pamakhala apongozi anga, bambo awo a amuna anga. Msewu wonse umawatcha a Kumanzere. Dzinali linabwera chifukwa panja timayala nsapato za phazi lakumanzere zokhazokha, kuti wa manja aatali akatola asapindule nazo kanthu. Zinzake zakumanja zimakhala m'makatoni m'kati, ndipo kumeneko ndi kwanga. Iwo akagwirizana ndi kasitomala amangoitana, "Mayi, inzake ya iyi," ine n'kutulutsa.

Mumsewu uno anafikamo ali mnyamata, akupolisha nsapato pangodya. Kenaka anayamba kusoka zong'ambika, kenakanso kugulitsa zochepa pathumba loyala pansi, mpaka anapeza kachipinda kano. Sitolo anaisiya m'manja mwa mwana wawo kalekale, koma pakhomo sanachokepo. M'mawa amafika jekete itasitidwa, nsapato zawo zikuwala ngati akupita kukafunsira mbeta, n'kuyamba kupukuta za panja imodzi imodzi akung'ung'udza nyimbo yomwe palibe amaidziwa.

Kugulitsa kwawo n'kwa pakamwa. Ine zimanditopetsa nthawi zina, chifukwa munthu wobwera kudzagula masilipasi amachoka atanena kwawo, dzina la mwamuna wake ndi matenda a mbuzi zake. Alendo ochokera kutali amakonda kubwera ndi tizingwe toyezera mapazi a omwe atsala kunyumba, ndipo apongozi kachingwe kalikonse amakafunsa mwini wake. Aka n'ka ndani? Ali kalasi yanji? Amathamanga kapena ndi wofatsa? Akamva kuti n'ka mwana amawonjezera chala chimodzi, ati phazi la mwana siligona. Azungu ojambula zithunzi, omwe sagula ngakhale chingwe cha nsapato, nawonso amawaimitsa n'kucheza nawo ndi manja. Ndikadandaula kuti mzere ukutalika amangoti, "Mayi, nsapato sizithawa."

Koma maso anayamba kuwathawa. Yabulauni ankaitcha yakuda. Tsiku lina anapereka moni waulemu kwa chidole cha pasitolo ya zovala tsidya linalo, ndipo chitapanda kuyankha anati ana amasiku ano alibe mwambo. Tonse tinaseka, kupatula amuna anga. Magalasi anawagulira, koma apongozi amawasunga m'thumba la jekete, ati amawachititsa chizungulire. Kasitomala wina atabweza nsapato zosiyana saizi, amuna anga anawauza bambo awo mawu omaliza.

"Ababa, mwagwira ntchito mokwanira. Zikachitikanso izi, mukapume kunyumba. Sindikunena mwachipongwe."

Apongozi anangotenga kansanza kawo n'kupitiriza kupukuta nsapato yomwe inali yopukuta kale. Ine ndinadziwa kuti mawuwo alowa, ndipo ndinadziwanso kuti amuna anga akanena chinthu sabweza. Mutu umenewo anautengera kwa bambo awo omwewo.

Loweruka lina msewu unadzaza moti munthu ankayenda cham'mbali. Amuna anga anapita kukaoda katundu, ndipo ine ndinangodumphira tsidya kukasiya foni yanga kwa okonza. Apongozi ndinawauza kuti akapeza kasitomala amuchedwetse ndi nkhani, ntchito yomwe safunika kupemphedwa kawiri. Koma okonza foni anandichedwetsa ineyo, ndipo nditabwerera ndinapeza apongozi akumwetulira okha.

"Ndagulitsa, mayi. Zachikopa zakuda zija, za amuna."

"Inzake munaitenga kuti, bambo?"

"Inali pompa, pathebulo. Si munaitulutsira kasitomala wam'mawa uja?"

Ya m'mawayo ndinali nditaibweza m'kati kalekale. Ndinayang'ana pathebulo ndipo panali mipata iwiri. Amuna anga amakonda kuyala nsapato zofanana ziwiriziwiri kuti katundu azioneka wambiri, ndiye apongozi anatola yakumanzere ina n'kuiyesa yakumanja. Ndinalowa m'kati, ndinatsegula makatoni, ndipo zakumanja zonse ziwiri zinali phee m'malo mwake. Ndinatuluka nazo n'kuwaika m'manja. Anazipapasa kuchala, kuchidendene, ndipo kumwetulira kuja kunazima. Ndinawamvera chisoni moti mkwiyo wanga unasowa potulukira.

"Sanayese?" ndinafunsa.

"Ndi mayi, anabwera ndi chingwe. Ndi za amuna awo, akavale paukwati wa mwana wawo. Akwera basi lero lomwe."

Anaika yakumanja imodzi m'khwapa n'kuyamba kutsika msewu. Ine ndinapempha mayi wa masokosi woyandikana nafe kuti aponyeko diso pasitolo, n'kuwatsatira. Nditawafunsa kuti mayiwo avala chiyani, anati mwina zobiriwira, mwinanso zabuluu. Nkhope sanaione bwino. M'khamu ngati limenelo ndinaona kuti tikungotaya nthawi, ndipo ndinanena.

"Dikirani, mayi," anatero. "Anati akatenga nsapato akagula nsalu ya diresi lawo, ya maluwa ang'onoang'ono, chifukwa akuluakulu amawanenepetsa. Kenaka mapoto a mwana. Sutikesi pomaliza, yomwe anabwera nayo zipi inaduka m'basi."

Aka kanali koyamba kuti ndithokoze kulongolola kwawo. Kwa a nsalu analowa osagogoda ngati kwawo. "Mlamu, mayi wokwatitsa mwana wadutsa pano?" Wa nsaluyo, yemwe si mlamu wawo m'njira iliyonse, anati wadutsa, ndipo wanenerera mtengo mpaka mutu kumuwawa. Ataona nsapato m'khwapa anafunsa chachitika n'chiyani, ndipo apongozi, m'malo mongodutsa, anafotokoza zonse. Ine ndinawakoka jekete. Kwa a mapoto anafotokozanso. Pofika kwa a mafuta onunkhira nkhani inali itatitsogolera kale, anthu akutilozera kumunsi akuseka. Wina anakuwa kuti a Kumanzere lero aonjeza. Iwo anangokweza nsapato ija m'mwamba ngati mbendera, koma ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwawo ndipo phazi linkawalemera.

Kumunsi tinapeza mayi wonenepa bwino atakhalira sutikesi yatsopano, wogulitsa akulimbana ndi zipi. Apongozi anamudutsa. Koma mayiyo ataseka, iwo anaima n'kutembenuka.

"Ndi awa. Kuseka kwake n'komweku."

Anavula chipewa, n'kupepesa ngati aphwanya nyumba. Sutikesi inatsegulidwanso, mapoto panja, nsalu panja, nsapato zili pansi penipeni. Mayiyo anaziika pansi moyandikana, zonse zikuloza mbali imodzi, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Agogo, mukanandipha. Amuna angawo ndi osadandaula. Akanazivala choncho, n'kumuperekeza mwana akuyenda ngati bakha, osanena kanthu."

Anasinthana nsapato, ndipo mayiyo anawaitanira ku ukwati, ngakhale tonse tinkadziwa kuti sapita. Apongozi anathandiza kulongedzanso, akumulangiza kuti nsapato azikazivala bambowo m'nyumba masiku angapo zisanafike pa tsikulo, zingawalume.

Pokwera chitunda tinkayenda pang'onopang'ono. Ndinawagulira botolo la madzi, tinaima pamthunzi wa sitolo ya mawotchi.

"Bambo, izi zithere pompano. Ine sindinena kanthu."

"Mayi, msewu wonse wamva."

"Mwauuza ndinu."

"Ndiye mwana wanga ndimuuzanso ndekha. Asamve kwa wa mapoto."

Ndinakwiya nawo, kunena zoona. Nsapato zinali zitabwerera m'malo, kasitomala wapita akuseka, ndiye kudzipereka kwa chiyani? Koma munthu wamkulu sungamutseke pakamwa.

Amuna anga anafika dzuwa litapendeka, tikulowetsa katundu. Apongozi anadikira kuti atsitse makatoni, kenaka anawaitanira m'kati. Ine ndinakhala ngati ndikusanja mashelefu, makutu ali komweko. Anafotokoza zonse mwadongosolo, osachepetsa, osandiikamo ine ngakhale kuti ndine ndinawasiya okha. Amuna anga anamvetsera atagwira m'chiuno.

"Ababa, tinapangana."

"Tinapangana, sindikukana."

"Nanga akanakwera basi? Dzina la sitolo likanapita kuti?"

"Ukunena zoona, mwana wanga. Maso atha. Makatoni ndisiya, kukulunga ndisiya, azichita ndi mayiwa. Magalasi aja ndizivala ngakhale andizunguze." Anatembenuza chipewa m'manja. "Koma kunyumbako usanditumize. Chimwalirire amako, inu mukachoka m'mawa, ana akapita kusukulu, m'nyumba muja mumangomveka wotchi. Ndinayesapo Lamlungu lina lomwe munapita kwa azilamu ako. Pofika masana ndinapezeka ndikulankhula ndi ketulo. Kuno ndikangokhala pakhomo, munthu amabwera."

Sindinawamvepo akulankhula chonchi, ndipo ndinachita manyazi kuti tonse timadya nawo mbale imodzi koma izi sitinkazidziwa. Tinkaona ngati kupuma ndi mphatso. Amuna anga anayang'ana kudenga, anayang'ana makatoni, kenaka anayamba kufufuza makiyi m'matumba onse pomwe makiyiwo anali m'manja mwawo. Anatuluka, anatsitsa chitseko chachitsulo mpaka theka, n'kuwerama kusuzumira m'kati.

"Tiyeni, ababa, kunja kukuda. Lolemba mulawirire. Kwabwera nsapato za ana asukulu, ndipo amayi awo ine sinditha kucheza nawo."