Ndinabisa Mpongozi Wanga M'nyumba Miyezi Isanu ndi Iwiri

Tsiku limenelo pakhonde panga panali mkazi wanga, mwana wanga Filipo, mkazi wake Esinta, mayi ake a Esinta ochokera ku Mauwa, ndi ankhoswe athu, a Mulipa. Panalinso khanda la masabata atatu, likunjenjemera m'manja mwa Esinta. Onsewa ndi mboni za kulakwa kwanga.

Inu owerenga, sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma kuno ku Njuli ndikayankhula anthu ankamva mpaka kumsika, ndipo pakhomo panga panalibe wonditsutsa. Filipo ankagwira ntchito ku Limbe, mkazi wake anamusiya kwa ife. Esinta anali atapita padera kawiri. Atatenga pathupi pachitatu, ndinati ndi maso a anthu akutilodza. Ndinalamula kuti asamatuluke masana: kumunda ayi, kuchitsime ayi, kusikelo ayi. Zenera ndinatseka ndi chiguduli. Mazira ndinaletsa, poti makolo amati mwana amabadwa wopanda tsitsi. Akadandaula kuti msana ndi miyendo zikuphwanya, ndinkamuuza kuti pathupi pamatero. Miyezi isanu ndi iwiri dzuwa sanalione.

Mwana anabadwa wamwamuna, ine ndinapha mbuzi. Koma atatuluka m'chikuta anayamba kudzidzimuka, timanja kuuma, maso kutembenuka. Liwombo linali lalikulu, mutu wofewa ukaugwira. Pomwepo ndinagamula kuti ndi tsempho, Filipo wayenda ndi akazi ku Limbe. M'malo mothamangira kuchipatala, ndinatuma uthenga kuitana Filipo, ankhoswe ndi mayi a Esinta. Tinawadikira masiku awiri, mwana akungogwidwa ndi linjirinjiri.

Atasonkhana, ndinamuimika Filipo pakati. Ndinakuwa kuti aulule dzina la mkaziyo mwana asanafe. Iye analumbira misozi ili mbwembwembwe, ine osamva. Mayi a Esinta anayamba kunena zotenga mwana wawo. Tili mkati mokangana, khanda linauma thupi lonse, milomo kuda. Esinta, amene sanandiyankhepo chikhalire, anaimirira ndi khandalo n'kundidutsa ngati ndine chitsa. Filipo anagwira njinga. Ndinawaletsa mokweza, koma palibe anacheuka. Ndinawatsatira wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni.

Kumeneko mwanayo anamubaya jekeseni, anamutenga magazi, n'kumugoneka. Mawa lake adokotala anafunsa mmene mayiyu ankakhalira ali woyembekezera. Esinta anaweramitsa mutu. Mkazi wanga ndiye anaulula zonse, ine ndili chilili pakhomo. Adokotala anafotokoza kuti khungu la munthu likaombedwa ndi dzuwa limapanga vitamini D, imene imathandiza kulimbitsa mafupa, ndipo ina imapezeka m'mazira ndi m'nsomba. Mayi akaisowa, mwana wam'mimba amaisowanso. Kugwidwa kuja kunachokera pamenepo. Za tsempho sanazipezemo. Anati tikadachedwa pang'ono tikadakumba manda.

Ine amene ndinkadzaza msika ndi mawu, ndinatuluka panja mozemba.

Mwanayo anakhala moyo, koma anachedwa kuyenda, ndipo miyendo yake ndi yamatewe. Abale anga, makamaka inu madoda anzanga, mayi wapakati musamutsekere m'nyumba. Aothe dzuwa, adye mazira ndi usipa, apite kusikelo. Khanda likayamba kugwidwa, mlandu udikire, chipatala choyamba. Kukweza mawu si kudziwa.

Filipo anasamutsira banja lake ku Limbe. Patatha zaka ziwiri anabwera ndi mwanayo. Ndinamuona mdzukulu wanga akudzandira pabwalo kuthamangitsa nkhuku, akugwa, akudzukanso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma Filipo anandidula mofatsa.

“Abambo, zondinamizira zija ndinazisiya kale. Koma uyu akadzakula adzafunsa chimene chinachitika ndi miyendo yake. Ine sindidzamuyankha. Ndidzabwera naye kwa inu.”