Nkhope ya Malemu M'kabuku ka Chimphona

Senderani pafupi, wailesiyo muzimitse, mumve zimene mdzukulu wanga anandichita chaka chimene tinkamanga chiliza cha agogo ake aamuna.

Mnyamatayo ndi mwana wa mwana wanga wamkazi woyamba. Anakulira m'nyumba muno ku Mufakose, mu Harare, ndevu zinamera ndikumuona. Ntchito yake inali yojambula: mitu ya anthu pakhoma la ometa, ng'ombe pakhomo la butchala. Kenaka anayamba timabuku ta zithunzi, tija anthu ake mawu amawatuluka pakamwa ngati thovu. Ankakasindikiza m'tauni n'kumagulitsa pamashopu ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno.

Ine zilembo sindizidziwa, koma maso ndili nawo. Tsiku lina masana ndikusankha nyemba pakhonde, anabwera ndi kabuku katsopano, mano onse pamtunda.

"Gogo, taonani. Aka anthu akuchita kulimbirana."

Pachikuto panali chimunthu, khosi ngati mtondo, minofu yotupa ngati matumba a simenti, chitanyamula kombi yodzaza anthu ndi dzanja limodzi, dovu likuyenderera pachifuwa. Ndinati andifotokozere. Anayamba, uku Chichewa uku Chishona, monga amalankhulira ana a masiku ano.

Akuti chimphonacho chinachokera ku Malawi wapansi. Mabwana a fakitale ku Workington atachichotsa ntchito, chinapita kumanda kukalowa gule. Kumeneko chinagona m'dzenje limodzi ndi mtembo, chinadya nkhuku yowola ya mphutsi, n'kumwera madzi a m'ngalande. Potuluka m'dzenjemo, njanji chinkapinda ngati waya wa zovala. Zipolopolo zinkaphwanyika pachifuwa chake ngati mtedza. Chikaponda pansi, mapaipi a madzi ankaphulika mpaka ku Kambuzuma, ndipo chikakwiya chinkakulirakulira mpaka mutu kuboola denga. Mphutsizo anazijambula bwinobwino, imodziimodzi, zina zikulendewera pamlomo. Nyemba zija ndinazikankhira kutali.

Atatembenuza tsamba, chimphonacho chinali chitavula chigoba chakumaso. Ndinaona mpata wa mano. Ndinaona khutu lakumanzere loduka nsonga, limene makina anadula ndili ndi pakati pa amayi a mnyamatayo.

"Iwe, awa ndani?"

"Ndi sekuru, amuna anu, gogo. Ndinatengera pachithunzi cha pakhoma chija. Nkhope yawo ndi yoopsa bwino. Musadandaule, anthu amakonda woipayu kuposa wabwino."

Ndinalavulira pansi, pafupi ndi nsapato yake.

Ife a ku Malawi tatukwanidwa mu Harare muno kuyambira kale. Amatitcha mabhurandaya, amati timadya za kumanda. Mlongo wanga ankavina gule, ndipo a gule ali ndi mwambo wawo, sindinamuonepo akutafuna zowola. Koma bambo a m'nyumba muno anali mkulu wa mpingo, munthu woyambitsa nyimbo Lamulungu lililonse. Lero mdzukulu wawo weniweni wawadyetsa mphutsi pamaso pa lokeshoni yonse.

Posakhalitsa mayi woyandikana nafe, Mshona, anandiitana pampanda, kabuku kali m'manja.

"Nhai mbuya, kani madala anu anali chigure, wovina gule? Zaka zonsezi osatiuza!"

Ana a mumsewu anayamba kuvala makatoni kumaso, khutu limodzi atalidula dala. Mwana wanga, mayi wa mnyamatayo, ankangoseka.

"Amayi, ndi katuni chabe."

"Katuni imakhala ndi khutu la bambo ako?"

Ndiye kunabwera akulu a mpingo awiri, zipewa zili m'manja. Wamkuluyo anakhosomola kaye.

"Mayi, tamva zina. Mukudziwa kuti mpingo sungakapemphere pachiliza cha munthu wa gule. Tabwera kuti timve kwa inu."

Simenti inali itauma kale kumanda, abale a ku Dedza atauzidwa tsiku. Munthu amene anaimbira maliro a anzake moyo wake wonse, chiliza chake chivundukulidwe popanda nyimbo, ngati takwirira galu?

Ndinamuitana mnyamatayo n'kumukhazika pansi, pasimenti, pamaso pa akuluwo.

"Uwauze abambowa. Agogo ako unawaona liti akunyamula kombi?"

"Sindinawaone, gogo."

"Unawaona akunyamula chiyani?"

Ndinamuyankhira ndekha.

"Kapu ya tiyi inkawakanika. Zitsulo za ku Workington zinawathyola msana iwe usanabadwe. Uwauze amene ankawabereka popita kuchimbudzi."

"Ndinu, gogo."

"Kumanda anagonako kangati?"

"Kamodzi. Ndi pano pamene anamwalira."

Ndikulankhula choncho, mkulu wamng'onoyo anali atatsegula kabuku, akunyowetsa chala ndi malovu, tsamba ndi tsamba, pakamwa yasa. Kenaka anamunong'oneza mnyamatayo, ine ndikumva.

"Kodi pamapeto pake chimafa?"

Ndinamulanda kabukuko n'kukaponya panja.

Akuluwo anagamula kuti mnyamatayo aime kutsogolo m'tchalitchi anene kuti zonse zinali za m'mutu mwake. Lamulungu anaimadi, Chichewa chake chikupunthwapunthwa, achinyamata akubisa nkhope m'mabuku a nyimbo kuti asaoneke akuseka. Ine sindinaseke.

Mpingo unabwera kuchiliza ndipo unaimba. Koma kuseri kwa manda ena kunabisala ana a mumsewu, akudikira kuti mwala ung'ambike chimphona chituluke. Wina anachita kufunsa mokweza kuti chidzuka nthawi yanji. Nyimbo yomaliza ndinaimba mano ali okukuta.

Mnyamatayo chimphona chake anachiveka nkhope yachitsulo, koma timabuku takale tidakali m'nyumba za anthu. Pano ali ku Joni, amajambula zikwangwani, ndipo akaimba foni amayamba wafunsa ngati ndidakwiyabe. Amayi ake anasamukira ku Kambuzuma, nkhaniyi saitchula. Mayi wa pampanda anamwalira akukhulupirirabe kuti mwamuna wanga anali chigure. Mkulu wamkuluyo anapuma pa udindo, maso anamuthera. Wamng'ono uja ndiye amatsogolera mapemphero tsopano, ndipo ndinamva kuti timabuku tonse ta chimphonacho ali nato kunyumba kwake. Ine ndidakali pakhonde pomwepa, ndipo mdzukulu aliyense wobwera ndi pensulo ndimamuuza akajambulire kwa amayi ake.