Jombo za amuna anga

Chaka chimene mtsinje wa Likangala unasefukira mpaka kusukulu, mvula itangoyamba, kunabwera bambo wina wa bungwe kudzatiphunzitsa kukonzekera ngozi. Anali wonenepa, wonunkhira mafuta, nsapato zake zosongoka ngati mlomo wa kakowa.

"Nsapato zakale musamataye," anatero. "Muziike m'thumba pafupi ndi khomo. Madzi akabwera, muvale n'kuthawa."

Tinayang'anana. Ndani kuno anatayapo nsapato? Patapata akaduka timamanga ndi waya mpaka chidendene chiboole. Koma tinaomba m'manja, poti anatigulira mabanzi.

Ine ndinali nazo kale. Jombo zakale za amuna anga, zomata zigamba za chubu, ndinkazikoleka kudenga kuti makoswe asadye. Mvula ikakula, njira ya kwathu imadzaza minga ndi zigoba za nkhono.

Pobwerera, galimoto ya mphunzitsi uja inatitimira m'matope kuseri kwa nyumba yathu. Amuna anga ndi anzawo anakankha, iye ataima pachulu, atakwinya thalauza ngati mkazi wowoloka mtsinje, n'kumakuwa kuti, "Limbikani!" Potsika anaponda pofewa, nsapato imodzi n'kutsala pansi pamatope. Anafika pakhonde panga akutsimphina ndi sokosi.

"Mayi, mulibe kansapato kongobwereka? Ndibweza Lachisanu."

Ndinatsitsa jombo zija. Anazinunkhiza kaye, munthu wopempha! Kenako anauza dalaivala wake amujambule atavala, ine nditaima pambali, akuti akaonetse kuofesi kuti anthu amva phunziro.

Lachisanu linadutsa. Patatha milungu itatu ndinakumana ndi dalaivala uja kumsika wa ku Songani ndikugulitsa matemba.

"Jombo zija? Abwana anapatsa mlonda wawo," anatero, akuseka. "Akuti zimanunkha nsomba m'galimoto."

Madzi anabwera mu Januwale, m'mawa tikumwa phala. Tinanyamula ana ndi mbuzi kuthawira kumtunda. Amuna anga anabereka mayi awo okalamba, ali chosavala kumapazi, ndipo m'madzi odera aja anaponda lata. Phazi linang'ambika kuyambira chala mpaka pakati. Sanawatsitse mayiwo mpaka tinafika kutchalitchi, magazi ali chuchuchu.

Bala linatukusira, anagona mwezi wathunthu. Mpunga wa kusikimu ndinawokera ndekha chaka chimenecho, mwana ali kumsana, ndipo ndime imodzi inangomera udzu. Mpaka lero amuna anga kukazizira amayenda chotsimphina.