Magapi a m'migolo ya ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ababa anandisiyira migolo yawo isanu ndi umodzi kuti ndiisamalire. Tinkakhala kwa Mponda, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kufupi ndi Shire. Kuseri kwa nyumbayo, pansi pa mtengo wa mango, ababa anandandalika migolo yodula pakati, ndipo m'menemo ankawetamo tinsomba totchedwa magapi. Si nsomba za m'nyanja yathu zimenezi. Kutalika kwake sikuposa kachala kakang'ono, ndipo palibe munthu wanzeru amene angazikazinge n'kuzitcha ndiwo.

Kale ababa anali obira pansi pa nyanja. Ankagwirira mbuna mzungu wina wotumiza nsomba zokongola kunja, kumira m'miyala paipi ya mpweya ili mkamwa, mpaka tsiku lina anabwera kunyumba khutu lakumanzere likutuluka magazi. Adokotala anawauza mosapita m'mbali kuti akadzabiranso adzataya ndi linalo. Magapi aja ndi amene anawatulutsa ababa m'madzi, ndipo tonse m'nyumbamo tinkadziwa kuti migolo ikadzalephera, ababa adzabwerera pansi pa nyanja.

Loji ina ya mumsewu wa ku Monkey Bay inali ndi thanki yaikulu yagalasi momwe ankasungamo akalingono. Kalingono ndi nsomba yachinyengo. Imagona chammbali pamchenga ngati yafa, ndipo kansomba kakayandikira kuti kaione imakameza kamodzi n'kamodzi. Alendo a palojipo ankakonda kuonerera zimenezi. Koma akalingono aja sankadya chakufa, ndipo usipa umafa ukangoutulutsa m'nyanja. Magapi ndi olimba, amaswana ngakhale m'chidebe, saikira mazira koma amabereka tiana tamoyo. Ndiye Lolemba ndi Lachinayi a Saidi, ogwira ntchito m'munda wa maluwa palojipo, ankabwera panjinga ndi chigubu kudzatenga chakudya cha akalingono.

Amama ntchito imeneyi sankaiona ngati ntchito. “Amuna anzanu akubwera ndi chambo, inu mukuweta udzudzu wazipsepse,” ankatero akudutsa ndi beseni la zovala. Koma ufa m'nyumbamo unkabwera ndi udzudzu womwewo, ndipo iwo ankadziwa.

Yanga inali ntchito yotopetsa. Ndinkasinja usipa wouma n'kuusakaniza ndi madeya, ndinkatunga madzi osinthira m'migolo mpaka khosi kuwawa, ndinkapita kumtsinje kukazula namasupuni kuti tiana tizibisala m'mizu yake, chifukwa magapi amadya ana awo omwe. Kutapa nsomba zopita kuloji ndiye ankachita ababa okha, mmawa ine ndili kusukulu. Sindinaonepo momwe ankasankhira, ndipo ababa sanali munthu wofotokoza. Ankangoti chita chakuti, iwe n'kuchita.

Mwezi wa Januwale kunabwera uthenga woti achimwene awo amwalira kutsidya kwa malire, kupitirira Chiponde. Ababa ananyamuka tsiku lomwelo. Akumanga kachikwama panjinga anandiitana.

“Asiyatu, a Saidi azibwera madzulo, ndawauza. Uziwapatsa makumi asanu. Madzi usaiwale kusintha. Sabata imodzi ndabwera, inshallah.”

Anangonena zomwezo basi. Amama anali ndi khanda kumsana, ndipo migolo sankaiyandikira n'komwe.

Lolemba loyamba ndinaima pamgolo kasefa kali m'manja. M'madzimo munali magapi a mitundu iwiri. Ena anali aakulupo, otuwa, amimba zotupa, osakongola ngakhale pang'ono. Ena anali ang'onoang'ono, michira yofiira, yachikasu, yamawangamawanga ngati chitenje chatsopano. Ine sindinavutike kuganiza. Ndine mwana wa padoko, ndinakula ndikumva akuluakulu akukalipira anthu ogwira kasawala ndi neti ya udzudzu kuti akudya chambo cha mawa. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti umatenga zazikulu, tiana n'kutisiya tikule. Ndiye ndinati tamawangati ndi tiana, tikakula tidzatuwa ngati zinzake. Ndivomerenso kuti ndinkatikonda. Kupereka kansomba kokongola chotero kuti kakamezedwe kunkandiwawa mumtima. Ndinatapa zotuwa makumi asanu, zonenepa kwambiri.

Lachinayi a Saidi anabwera akumwetulira. “Iwe ndiye ukuidziwa ntchito! Ababa ako amatipatsa timafupa tokhatokha. Akalingono akhuta mpaka akuchita ulesi.” Ha, mmene ndinadzimvera tsiku limenelo! Ndinayenda ngati mwini loji.

Sabata inatha ababa osabwera. Kenako munthu wina wogulitsa nyemba anabweretsa uthenga kuti mvula yadula msewu, komanso abale awapempha, poti ndi wamkulu amene watsala, kuti akhale mpaka sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi. Ine ndinapitiriza kutapa zotuwa, Lolemba ndi Lachinayi, mgolo ndi mgolo.

Sabata yachinayi ndinayamba kuona kuti ndikumafufuza nthawi yaitali kuti ndikwanitse makumi asanu. Ndikanyamula namasupuni, tiana tija tinkati waa m'mizu sitinkaonekanso kwenikweni. Tamawanga tija nato sitinkakula, tinali chimodzimodzi monga ndinatipezera. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinawonjezera madeya mpaka madzi kuyamba kununkha, ndiye n'kumatunganso madzi kawiri patsiku, mvula ikundinyowetsa. Ndinatopa kwambiri masiku amenewo. M'kalasi ndinkasinza. Amama atandifunsa kuti udzudzu wa ababa uli bwanji, ndinati uli bwino. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndikanafunsa ndani? Ndiponso ndinkaopa kuti a Saidi asiya kunditama.

Ababa anafika masana ena, ataonda, njinga ili matope okhaokha. Asanamwe ngakhale madzi anazungulira kuseri. Ine ndinawatsatira ndikuyembekezera mawu abwino, chifukwa migolo inali yoyera, yodzaza ndi michira yokongola. Anayang'ana mgolo woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chimodzi. Anapisa mkono, ananyamula namasupuni, n'kumubwezera.

“Zotuwa zili kuti?”

“Ndinkapereka zikuluzikuluzo, ababa. Ndasiya tiana kuti tikule.”

Ababa anakhala pansi panjerwa.

“Awa si ana, mwanangu. Awa ndi amuna okhaokha, sakula kuposa apa. Zotuwa zija ndiye zazikazi. Mimba zija anali ana.”

Mayo ine. Masabata asanu ndi limodzi ndinkasankha ndi manja anga nsomba zapakati, zimene zinatsala pang'ono kubereka, n'kumazithira m'chigubu cha a Saidi. Amama atamva anatuluka atanyamula mthiko, ndipo kunena zoona ndinkafuna andimenye kuti nkhaniyo ithere pathupi. Ababa anakweza dzanja.

“Musiyeni. Wachita zimene anaphunzira padoko. Ine ndi amene sindinamuuze.”

Mawa lake anasefa migolo yonse ndi kansalu, napeza tazikazi towerengeka tomwe tinali tisanakule. Anati pafunika miyezi itatu kuti migolo ibwerere mwakale. Kwa masabata awiri anapereka amuna aja kuloji, koma timafupa timeneto sitinachedwe kutha, ndipo bwana wa palojipo sanafune kudikira thanki ili ndi nsomba zanjala. Analamula kuti akalingono abwezedwe m'nyanja, m'thankimo muikidwe mbuna zimene zimadya chakudya cha m'sitolo. Ndipo poti ababa ndi amene ankadziwa miyala yomwe mbuna zokongola zimakhala, anawatumizira uthenga kuti ngati akufuna ntchito, ntchito ndi imeneyo.

Amama anawaletsa, anawakumbutsa mawu a adokotala, analira. Ababa anangofunsa kuti, “Nanga ana adya chiyani miyezi itatu?” Ine ndinali pakhomo ndikumva zonse.

Ulendo woyamba wokabira anabwera bwinobwino, wachiwirinso chimodzimodzi, moti tinayamba kuiwala mantha. Mwezi wachiwiri anabwera atagwira thaulo pakhutu lakumanja. Pamene migolo inkadzazanso ndi zotuwa, panalibe wozigula, ndipo ababa tinali titayamba kale kuwayankhula mokuwa.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala pamsika, ndipo ababa ndikukhala nawo kwanga chimwalirire amama. Akumva pang'ono zedi. Ndimakuwa powaitana kudzadya, ndimakuwa powapatsa mankhwala, ndipo masiku ena ndikaweruka nditatopa mawu amandithera, n'kungowakodola ndi dzanja. Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka amadandaula kuti ndimalongolola, chifukwa sindimuuza munthu kuti dula apa osamuuza chifukwa chake. Alekeni adandaule. Ndinaona ndekha kuti munthu akhoza kugwira ntchito ndi mtima wonse, kutsata lamulo labwino limene anakula nalo, n'kuwononga zonse chifukwa lamulolo linali la malo ena. Ababa anasenza mlanduwo okha tsiku lomwe lija, koma mwana amakula, ndipo gawo langa ndikulidziwa.

Chimene sindinachitebe ndi kupepesa. Mawu amenewo safuna kukuwa, aneba onse n'kumamva. Chaka chatha ndinayesa, iwo atakhala pakhonde akusenda chinangwa. Ndinakhala pambali pawo n'kunena bwinobwino, monga munthu amayankhulira ndi bambo ake, kuti ababa, za magapi zija mundikhululukire. Anaona milomo yanga ikugwedezeka, anatembenuza mutu n'kuika dzanja kukhutu.

“Wati chiyani, Asiyatu?”

Ndinakuwa kuti tiyi wapsa.