Singano ya malemu Tadala yapezeka

Mwaswera bwanji nonse.

Dzulo a kumpingo anandibweretsera mtsikana, Esinati, mwana wa matenanti. Makolo ake anathawa pa esiteti osamutenga, ndiye amagona pakhonde la sitolo ku Kapelula. Ndinamugoneka m'chipinda cha malemu Tadala, ngakhale zovala zake sitinagawe.

Lero masana ndamupeza m'chigafa akusoka fodya ndi singano ya Tadala, ija ndakhala ndikuifunafuna chimwalirireni mwana wanga. Akuti waisolola mu udzu wa padenga. Nditamufunsa kuti wamulozera ndani, wangoti, "Amayi, si pamene ndimaika?"

Mwanayu pakhomo pano sanafikepo chibadwire.

A kumpingo abwera mawa kudzamva ngati ndimusunge. Achimwene, alamu, mukuti bwanji? Koma kumubweza kukhonde kuja, ine ayi.